Atatu Amene a Zakeyu Anasankha

Pa Kamwendo, wofuna kudziwa mtengo wa mtedza amafunsa mavenda, koma wofuna kudziwa kuti katswiri weniweni wa basiketibolo ku America ndani ankapita pansi pa mtengo wa kesha, pamene a Zakeyu Namakhwa amamata machubu a njinga. Sikuti ofuna kudziwa zimenezi anali ambiri. Kuno abambo amafera mpira wamiyendo, amayi ntchemberembaye. Koma a Zakeyu sankadikira kufunsidwa. Wakabaza wobwera ndi tayala lakuphwa ankachoka ndi tayala lopopa, komanso ndi dzina la timu imene itenge chikho chaka chimenecho, afune asafune.

Ndi munthu wamfupi, ndipo amene anawapatsa dzina la Zakeyu paubatizo akuoneka kuti anali mneneri. Anabadwira pa esiteti ya fodya kwa Mavwere, makolo awo atachoka ku Phalombe kudzagwira utenanti. Sukulu anailekezera sitandade 7, chaka chimene banja lawo linasamuka esiteti kawiri. Basiketibolo anaionera koyamba m'nyumba ya kanema pa Kamwendo pomwepa, tsiku limene mwini wake anasowa filimu ya karate n'kuika tepi ina imene anaipeza pansi pa katoni. Anthu anachita phokoso n'kutuluka. A Zakeyu okha anatsala pabenchi kukamwa kuli yasa, kuonerera anthu aatali ngati mabulugamu akuuluka ndi mpira m'dzanja limodzi. Matenda amene anatenga tsiku limenelo sanachirenso.

Kusewera sakanatha, msinkhu unawamana. Koma ukaipa dziwa nyimbo, ndiye anasankha kukhala woweruza wa osewera. Anagula jezi yofiira pa kaunjika, yofika m'mawondo, imene ankavala Loweruka lililonse pamwamba pa malaya. Mafoni a memole atafika, anakhala kasitomala woyamba wa a Hussaini, amene ali ndi kashopu kotchajira mafoni ndi kuikira anthu nyimbo kutsidya kwa msewu. Ena ankapempha nyimbo zauzimu ndi mafilimu. A Zakeyu ankapempha basiketibolo basi.

Vuto linagona pamenepo, ngakhale panalibe amene analiona. Masewero a ku America amachitika kuno anthu ali m'tulo, pa tchanelo chimene pa Kamwendo panalibe wochilipira, ndipo masewero athunthu akanadya bandulo ya a Hussaini ya sabata yonse. Choncho ankangowaikira tizidutswa ta mphindi zitatu kapena zinayi, timene anthu ena kutaliko anadula kale n'kusiyamo zokoma zokhazokha. M'tizidutswa timeneti mulibe wophonya. Mulibe wotopa, mulibe wothamangira kumbuyo kukatchinga, mulibe wogwa pansi polimbirana mpira. Munthu amangotulukira mpira uli kale m'manja, n'kulumpha, n'kugoletsa, anthu n'kukuwa, nyimbo ikugunda. Zaka khumi ndi zisanu a Zakeyu anaonera zimenezi, mutu uli pafoni, guluu akuuma pachubu, ndipo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti masewerowa akuwadziwa.

Lamulo lawo linali limodzi: katswiri ndi amene wagoletsa zambiri. Timu yamphamvu ndi imene ili ndi ogoletsa ambiri. Ukawerenga mayina akuluakulu n'kupeza atatu uku, awiri uko, mlandu watha, chikho ndi cha atatuwo. Chaka ndi chaka ankalengeza chigamulo chawo pansi pa kesha, ndipo chaka ndi chaka, kupatula kawiri kapena katatu, chikho chinkalowera kwina. Koma sanagonjepo. Mwina woyimbira anakondera, mwina katswiri wawo anabinya bondo, mwina mphunzitsi wa timuyo ndi mbuli yotheratu. Akabaza ankawaputa dala kuti tsiku lifupike, ndipo iwo ankaputika mosavuta.

Amene ankawatsutsa zenizeni anali a Hussaini okha. Iwo anaonerapo masewero athunthu kwa mchimwene wawo ku Chipata, ndipo ankanena kuti matimu otenga chikho amakhala ndi anthu ena amene m'tizidutswamo saoneka n'komwe. Tsiku lina atatopa ndi mkanganowo anawafunsa kuti, "Inu a Zakeyu, mwana wa tenanti, mukaona belo la fodya pa lole mumati lalimidwa ndi dalaivala?"

A Zakeyu anaseka mpaka kutsokomola, n'kuyankha kuti a Hussaini aziyankhula za kutchaja mafoni ndi nyimbo, za basiketibolo azisiyire eni ake.

Akazi awo, a Esitele, ndi a kwa Zulu, mayi wamtali wosachulutsa mawu. A Zakeyu ankanena poyera kuti anawakwatirira msinkhu, kuti ana asadzavutike ngati iwo. Zinathekadi. Mwana wawo woyamba, Tabeth, anawapitirira kutalika ali sitandade 8. Asanayambe n'komwe sukulu, bambo akewo anali atachotsa kale masipoko pa limu lakale la njinga n'kulikhomera pamtengo wa bulugamu kuseri kwa nyumba kuti likhale chingwinjiri choponyamo mpira. Tabeth anakulira pansi pa limu limenelo. Anzake akamasewera fulaye, iye ankadunda mpira pafumbi mpaka nkhuku zinazolowera.

Atasankhidwa kupita ku sekondale yoyendera ya kufupi ndi Kamwendo, anapezako mphunzitsi wachinyamata, a Wilson, amene anasewerapo basiketibolo ku koleji. A Wilson anasalaza bwalo ndi makasu a ana asukulu, anazika mapolo awiri, n'kuyambitsa timu ya atsikana. Kwa zaka ziwiri timuyo sinagonje kwa sukulu iliyonse imene inakumana nayo. A Zakeyu sanajombepo masewero ndi amodzi omwe. Ankatseka ntchito, kuvala jezi yawo, kuyedzamiritsa njinga kumtengo kuseri kwa polo, n'kukwera pa kaliyala kuti aone bwino mpira ukamalowa. Timu ikasintha mbali, nawonso ankakankhira njinga ku polo linalo. M'manja munkakhala pensulo ndi kakatoni kochokera ku bokosi la chubu, kolembapo mayina a atsikana onse. Mtsikana akagoletsa, ankakhwatcha kamzere pa dzina lake. Timakatoni timeneti ankatisunga m'chitini cha mkaka pansi pa bedi.

Mizere yambiri inkapita kwa Felista, kamtsikana kochenjera ka kuseri kwa msika. Kenako Filomena, kenako Shamira, mdzukulu wa a Hussaini. Pa dzina la Tabeth pankakhala mizere iwiri, tsiku labwino inayi. A Zakeyu zinkawawawa, osanama. Mwana wamtali chonchi, wokulira pansi pa chingwinjiri, koma akafika pafupi ndi polo m'malo moponya ankapatsira mnzake. Pobwerera kunyumba, iye ali pa kaliyala thukuta lili kamukamu, bambo akewo ankamulalikira njira yonse kuti manyazi amapha, kuti dziko silikumbukira wopatsira. Tabeth ankangoyankha kuti wamva. A Wilson anawauzapo kuti mwana wawoyo ndiye msana wa timu, koma a Zakeyu anangoti aphunzitsi akuwapepesa mwaulemu.

Tabeth ali fomu 3, a Wilson anasamutsidwira ku sukulu ina kumpoto. Patapita miyezi iwiri, chakumapeto kwa Malichi, kunabwera kalata yochokera ku timu ina ya basiketibolo ya ku Lilongwe. Inati akufuna atsikana osakwana zaka 18, ndipo amene adzachite bwino pa tsiku loyesa adzawatenga, kuwalowetsa sukulu yogonera konko ndi kuwaphunzitsa masewerowo. Sukulu iliyonse yoitanidwa itumize atatu. Tabeth anali ndi zaka 17, ndipo ankakwanitsa 18 mu Julayi. Kwa iye khomo limeneli linali lotseguka kamodzi kokha.

Ahedi anali munthu wa masamu amene sankasiyanitsa basiketibolo ndi ntchemberembaye. Poopa kukangana ndi makolo, anaganiza zotula nkhaniyo kwa munthu wodziwa, ndipo wodziwa pa Kamwendo ponse anali mmodzi. Anapita okha pansi pa kesha, tayi ali pakhosi, n'kupempha a Zakeyu kuti asankhe atatuwo ndi kuwaperekeza ku Lilongwe. Akabaza onse anali pomwepo akumva. A Zakeyu anapukuta manja pa thalauza n'kuvomera mwaulemu, koma mumtima munali chikondwerero. Chibadwire, aka kanali koyamba kuti munthu wa tayi awafunse nzeru.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, anayala mphasa pakhonde, anakhuthula chitini chija n'kuyamba kuwonkhetsa mizere. Anawonkhetsa kawiri. Felista anali woyamba, Filomena wachiwiri, Shamira wachitatu. Tabeth anali wachisanu ndi chiwiri mwa atsikana asanu ndi anayi.

A Esitele, amene pa zaka makumi awiri za banja sanalowererepo nkhani ya mpira, tsiku limenelo analankhula. Sanakuwe. Anangowakumbutsa amuna awowo kuti a Wilson ankati chiyani za mwanayo, n'kuwapempha kuti awaimbire foni asanapereke mayina. A Zakeyu anakana. Anati ahedi sanatume a Wilson, atuma iwo, ndipo mizere sinama. Mmawa mwake kunabwera Felista yemwe, n'kugwada pakhomo, n'kunena kuti popanda Tabeth iwo atatu sakachita kanthu, bola asiyidwe iyeyo. A Zakeyu anamuyamikira chifukwa chokonda mnzake, n'kumuuza kuti chibwenzi ndi china, luso ndi lina.

Kunena chilungamo, a Zakeyu sanali munthu wankhanza, ndipo mwana wawoyo ankamukonda kuposa njinga zonse za pa Kamwendo. Ankakhulupiriradi mizere yawo. Koma panalinso china chimene chinkawatsekemera kwambiri. Ankamva kale m'makutu mwawo anthu akukambirana pamsika kuti a Zakeyu ndi woweruza weniweni, sakondera ngakhale magazi awo. Ulemu umenewo anaulakalaka, ndipo anaugula ndi chinthu chimene sichinali chawo.

Tabeth sanalire pamaso pawo. Atamva mayina atatuwo anafunsa funso limodzi lokha.

"Ababa, mpira umene Felista amagoletsa uja amautenga kuti?"

"Mpira ndi mpira, mwana wanga. Amene waulowetsa ndi amene amalembedwa."

Kuyambira pamenepo m'nyumbamo munalowa bata loipa. Tabeth ankagwira ntchito zake zonse, ankapereka moni, ankawapatsira madzi osamba, koma mawu ena analibe. A Zakeyu anapirira masiku anayi n'kulephera. Popeza sukulu inali itatsekera ndipo inali nyengo yosankha fodya, anamutumiza kwa alongo awo kwa Mavwere, kumudzi wakutali ndi msewu wa tala, kuti akathandize m'chigafa mpaka mtima wake utazizira.

Loweruka la mayesowo ananyamuka mbandakucha ndi atsikana atatu aja, jezi yofiira itachapidwa ndi kusitidwa. Anafika ku Lilongwe cha m'ma 8 koloko. Bwalo lake linali la simenti, lofoleredwa ndi malata, mizere yake yopenta. Atsikana analipo oposa makumi anayi. Woyang'anira mayesowo anali mayi wina wamtali dzina lake Tionge, wenzulo ili pakhosi. A Zakeyu anafuna kukaima kuseri kwa polo monga mwa chizolowezi chawo, koma mlonda anawabweza n'kuwalozera mabenchi a m'mbali, okwera ngati masitepe. Anakhala pamwamba penipeni moipidwa. Ali pamenepo bwalo lonse linali pansi pawo, kuchokera polo ili kukafika polo linalo.

Mayi Tionge anasakaniza atsikanawo n'kuwagawa m'matimu a anthu asanu asanu. Atatu a ku Kamwendo anagwera timu imodzi. Wenzulo italira, Felista anathamangira pamalo pake pa nthawi zonse, kudzanja lamanja la polo, n'kutambasula manja. Filomena anapita kumanzere, Shamira pakati. Anaima pamenepo akudikira. Mpira sunabwere. Anzawo awiri achilendowo anapanikizidwa kumbuyo, analandidwa mpira, timu inayo n'kugoletsa popanda woitchinga. Zinachitika kachiwiri, kachitatu, kachisanu. Mpira ukagunda thabwa la kuseri kwa chingwinjiri n'kubwerera, panalibe wa ku Kamwendo woulumphira, onse atatu ankangocheuka ngati pali wina amene amayenera kukhala pamenepo. Felista ataugwira mpira kamodzi pakati pa bwalo, anaudunda katatu n'kuumenyetsa paphazi lake. A Zakeyu anali ndi kakatoni m'manja, koma mphindi khumi zinatha osalembapo kanthu.

Pa nthawi yopuma mayi Tionge anakwera masitepe aja n'kufunsa ngati iwo ndi amene abwera ndi ana a ku Mchinji. Analankhula mwaulemu, koma sanazungulire. Anati atsikanawo manja ali nawo, kuponya amatha, koma zikuoneka kuti anazolowera kutafuniridwa. Anafotokoza kuti kalata ija anailembera sukulu yawoyo chifukwa a Wilson, amene anaphunzira nawo limodzi ku koleji, anawauza za mtsikana wina amene amaona mpira kumene ukupita usanaponyedwe, wolanda mipira, wotchinga anthu awiri yekha, wodziwa mnzake amene ali pabwino osamuyang'ana. Anati wotereyo ndi amene akumusowa, chifukwa oponya ali nawo odzaza minibasi.

"Pa atatuwa sindikumuonapo. Kodi wadwala?"

"Ayi, sanadwale," anatero a Zakeyu.

"Nanga mwamusiyiranji? Makolo ake anakaniza?"

A Zakeyu anayang'ana kakatoni kawo. Mawu atatuluka anali aang'ono kuposa mwini wake.

"Ndi mwana wanga, mayi. Ndinamusiya ndine."

Mayi Tionge anaona wotchi yawo n'kuti mayeso atha 3 koloko, mayina apita kwa akuluakulu tsiku lomwelo, ndipo sangalembe mwana amene anzawo oweruza sanamuone. Akafika isanakwane nthawiyo, amuyesa.

Inali 11 koloko. A Zakeyu anatsika masitepe aja ngati mnyamata. Anaimbira alongo awo kwa Mavwere, foni sinkapezeka. Anaimbira a Esitele, a Esitele anathamangira kwa a Hussaini, a Hussaini anatseka shopu n'kutuma wanjinga yamoto. Akanakhala kuti Tabeth ali pa Kamwendo, akanangodumphira minibasi n'kufika nthawi ikadalipo. Koma anali kumene bambo ake anamutumiza. Wanjinga yamotoyo anasochera kawiri, anapeza mlatho wa mitengo utakokoloka ndi mvula yomaliza, anazungulira, ndipo pamene ankamupeza Tabeth m'chigafa, manja ali bii ndi utomoni wa fodya, inali itadutsa 2 koloko. A Zakeyu anaima pageti la bwalolo mpaka wenzulo yomaliza, akuyang'ana minibasi iliyonse yodutsa, ngakhale ankadziwa kuti mwana wawo salimo.

Pa atatu aja sanatengepo ndi mmodzi yemwe. Ulendo wobwerera unali wautali. Shamira analira mpaka pa Namitete. Felista anangoyang'ana pawindo, ndipo a Zakeyu anathokoza mumtima kuti mwanayo analeredwa bwino, sanawakumbutse zimene ananena atagwada pakhomo paja.

Pa Kamwendo nkhani siigona. Pofika Lolemba aliyense anali ataimva, ndipo ulemu umene a Zakeyu ankauyembekezera sunabwere. Chodabwitsa n'chakuti akabaza, anthu osasunga pakamwa, sanawaseke. Ankabwera ndi matayala awo, kukamba za mtengo wa soya ndi za apolisi apamsewu, n'kumapita. Kusekedwa kukanakhala bwino. Munthu amene anthu asiya kumuputa amadziwa kuti akumumvera chisoni.

A Zakeyu anayesa kukonza zinthu. Anaimbira mayi Tionge kangapo, ndipo yankho linali lomwelo, kuti malo adzaza, ayesenso chaka chamawa ngati zaka zikulola. Zaka sizinalole. Madzi akatayika saoleka. Tabeth anabwerako kwa Mavwere sukulu itatsegulira, anapitiriza maphunziro, koma kubwalo sanapondekonso. Popanda iye ndi a Wilson timuyo inagonja kawiri motsatizana n'kutha yokha, mapolo aja anthu anazula n'kukamangira khola. Mayeso a fomu 4 anakhoza, koma osati mokwanira kupita ku koleji. Anayamba geni ya zitenje, kukatenga ku Chipata n'kumagulitsa m'misika ya kuno, ndipo patapita zaka zitatu anakwatiwa ndi mnyamata wa konko. Tabeth ndi mwana wabwino. Amatumiza shuga ndi mafuta ophikira, amaimba foni Lamulungu lililonse. Za mpira sanazitchulenso, ndipo bambo ake akayamba kulowera kumeneko iye ankafunsa za chimanga.

Mwezi umodzi chichitikireni za ku Lilongwe zija, a Zakeyu anawoloka msewu n'kupempha a Hussaini kuti awaikire masewero amodzi athunthu, osadula paliponse, ngakhale zitenge masiku angati. A Hussaini sananene kuti ndinakuuzani. Anafufuta tizidutswa tina kuti malo apezeke, n'kuwaikira masewero otsiriza a chaka china, amene timu ya a Zakeyu ya mayina atatu akuluakulu inagonja. A Zakeyu anawaonera masiku atatu, nthawi ya nkhomaliro. Anaona katswiri wawo wokondedwa akuphonya kakhumi ndi kawiri, zimene sankadziwa kuti zimatheka. Anaona akuyenda wapansi anzake akuthamangira kumbuyo. Ndipo m'timu yopambanayo anaona munthu wina amene dzina lake anali asanalimvepo, wankhope yotopa, amene anagoletsa kawiri kokha masewero onse. Mpira uliwonse wobwerera pathabwa unkathera m'manja mwake. Ankaima panjira ya adani ngati chitsa, ankagwa, ankadzuka, ndipo zigoli zambiri za anzake zinkayambira kwa iye. A Zakeyu anazimitsa foniyo n'kukhala nthawi yaitali atagwira chubu chimene anali atamata kale.

Chiyambire pamenepo, wina akawafunsa kuti chikho chaka chino chipita kuti, amayankha kuti sanaonere mokwanira. Achinyamata a masiku ano, amene ali ndi mafoni akuluakulu, amakangana za akatswiri pansi pa kesha pomwepo, ndipo a Zakeyu amangopopa tayala.

Chimene chinawavuta kwambiri chinabwera mochedwa. Tsiku lina anafuna kukumbukira mmene Tabeth ankasewerera. Anakhala pansi n'kuyesa kumuona m'maganizo akulanda mpira, akutchinga, akupatsira. Sanapeze kanthu. Ankakumbukira bwinobwino dzanja la Felista likuponya, mpira ukuzungulira pachingwinjiri, ngakhale phokoso la thabwa. Ankatha kufotokoza kulumpha kwa anthu a ku America amene sadzakumana nawo mpaka imfa. Koma pa mwana wawo, m'mutu munali mbee. Panalibe amene anamujambulapo pafoni, chifukwa ojambula nawonso ankajambula ogoletsa.

Anapita kwa Felista, amene tsopano ali ndi saluni kuseri kwa msika, n'kumupempha kuti awafotokozere. Felista anasiya mutu wa kasitomala uli theka n'kuyamba kulongosola ndi manja ndi mapazi omwe. Anati Tabeth ankayang'ana kumanzere n'kuponyera kumanja. Anati ankaimba kaluzu kakang'ono akafuna kuti Felista athamange, ndipo pofika pamalopo mpira unkakhala utafika kale. Anati pa masewero ena analanda mpira kasanu ndi kawiri kwa mtsikana mmodzi mpaka mtsikanayo anakhala pansi n'kuvula nsapato. A Zakeyu anamvetsera zonsezi ngati nkhani ya kudziko lachilendo. Tsiku limenelo iwo analipo, ndipo kaluzuko sanakamvepo.

Chaka chatha, nthawi yokolola mtedza, Tabeth anabwera kudzaona makolo ake ali ndi mwana kumsana. Anakhala masiku atatu. A Zakeyu anakonzekera mawu masiku onse atatuwo, ndipo anawapeza tsiku lomaliza, ataperekeza mwana wawoyo pa siteji, chikwama chake chili pa kaliyala. Minibasi ya ku boma inali ikudzaza. Anamuuza kuti analakwa. Anamuuza kuti pa atsikana onse aja katswiri anali iyeyo, ndipo iwo, bambo ake, anamutsekera khomo ndi manja awo. Tabeth anamvetsera akukonza chitenje cha mwana. Anayankha mofatsa kuti zinapita, iye anakhululuka kalekale, asamadzivutitse.

Mwina akanalekera pomwepo. Koma a Zakeyu anali ndi pempho. Anati akadzabweranso, mwana akadzakula pang'ono, adzabwereke mpira kusukulu ya pulayimale, adzaitane Felista ndi ena awiri atatu, adzasewere ngakhale mphindi khumi zokha, kuti iwo adzamuone.

Tabeth anaseka pang'ono, kuseka kopanda mkwiyo. Anati papita zaka zisanu ndi chimodzi asanagwire mpira, bondo lamanzere limamuvuta akanyamula katundu, ndipo zimene ankachita zija sangazithenso. Kenako anawayang'ana bambo akewo kumaso, kuweramira pansi pang'ono monga ankachitira kuyambira ali sitandade 8.

"Koma ababa, masewero anga onse munalipo. Simunajombepo ndi tsiku limodzi lomwe. Munkayang'ana kuti?"

Kondakitala anali akumenya kale chitseko kuti malo atsala amodzi. Tabeth anatsitsa yekha chikwama pa kaliyala, anawagwira a Zakeyu dzanja ndi manja awiri, n'kukwera. Iwo anaima pomwepo atagwira njinga, akumuyang'ana kudzera pagalasi lakumbuyo mmene ankamasula mwana kumsana n'kumukhazika pamiyendo, mpaka minibasiyo inakhota.